Kawerengedwe ka mwayi wa zinthu zingapo zosadalirana

Mnyamata wina amene ndinkamuthandiza masamu a Fomu 4 anabwera tsiku lina ndi tikiti ya beti m'thumba la malaya. Anali atasankha matimu 10 a mpira, ndipo pa timu iliyonse mawu ake anali omwewo: "Iyi ndiye siingaluze, aphunzitsi." Ndinamufunsa kuti timu yotereyi ikasewera ka 10 imapambana kangati. Anati ka 7. Nanga tikiti yonse, imene imawina pokhapokha matimu onse 10 atapambana, mwayi wake ndi wotani? Anakanda mutu pang'ono n'kunena kuti nayonso ndi 70 peresenti, poti matimu onsewo ndi amphamvu mofanana. Titawerengera pa kakyuleta ya pafoni yake, yankho silinakwane n'komwe 3 peresenti.

Mnyamatayu sanali mbuli. Mtima wa munthu ndi umene sudziwa kuti mwayi umasungunuka msanga bwanji ukamafuna kuti zinthu zingapo zichitike zonse. Zimene ndinamuonetsa tsiku limenelo ndi zimene ndalemba apa, mwa ndondomeko yomwe ndimatsata ndikamaphunzitsa mutu umene m'kalasi timautcha probability. Konzekani ndi pepala, cholembera ndi kakyuleta. Ngati muli ndi dayisi ya ludo ndi khobidi, ziikeni pafupi.

Tigwirizane kaye chimodzi. Mwayi ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Chinthu chosatheka mwayi wake ndi 0, chotsimikizika ndi 1. Theka mutha kulilemba 1/2, 0.5 kapena 50 peresenti, zonsezo n'chimodzimodzi.

Choyamba: dziwani chimene mukufunsidwa

Musanalembe nambala iliyonse, nenani funsolo m'mawu anuanu. Mafunso a mtundu uwu amabwera m'njira zitatu. Lina limafuna kuti zonse zichitike, ichi ndi icho. Lina limafuna kuti pachitike ngakhale chimodzi chokha mwa zingapo. Lina limati ichi kapena icho. Pa mayeso a MSCE, amene amabwera m'Chingerezi, mawu oti muwatchere khutu ndi and, both, at least ndi or. Ana ambiri amene ndawaona akulakwa mutu umenewu masamu amawatha, koma amayankha funso limene sanafunsidwe.

Chachiwiri: pezani mwayi wa chinthu chilichonse pachokha

Ngati zotsatira zonse zili ndi mwayi wofanana, werengani zimene mukuzifuna n'kugawa ndi zonse zimene zingatheke. Dayisi ili ndi mbali 6, choncho mwayi wopeza 6 ndi 1/6, ndipo wopeza nambala yoposa 4 ndi 2/6, poti pali 5 ndi 6. Khobidi lili ndi mbali ziwiri. Amene anaona khobidi la 1 tambala la 1971 akukumbuka kuti mbali ina inali ndi nkhope ya Kamuzu, mbali ina tambala, ndiye ine mbali ziwirizi ndizizitcha nkhope ndi tambala. Iliyonse mwayi wake ndi 1/2.

Koma si zonse zili ngati dayisi. Mpira uli ndi zotsatira zitatu, kupambana, kuluza ndi kufanana mphamvu, komatu zimenezi sizitanthauza kuti chilichonse ndi 1/3. Pa zinthu zotere mwayi timaupeza poona zimene zakhala zikuchitika. Mlimi amene akukayika mbewu yake ya chimanga amatenga njere 100, n'kuziyala pa chiguduli chonyowa, n'kudikira sabata. Zikamera 80, mwayi woti njere imodzi imere ndi 0.8.

Pambali pa mwayi uliwonse lembaninso mwayi woti chinthucho chisachitike. Mumangochotsera pa 1. Kupeza 6 ndi 1/6, kusapeza 6 ndi 5/6. Kumera ndi 0.8, kusamera ndi 0.2. Muufuna kutsogoloku.

Chachitatu: kodi zinthuzi n'zosadaliranadi?

Apa ndiye musathamange, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pano. Zinthu ziwiri timati n'zosadalirana, kapena kuti independent, ngati kuchitika kwa chimodzi sikusintha mwayi wa chinzake. Funso loyesera ndi ili: wina atandinong'oneza kuti choyamba chachitika, kodi ndingasinthe maganizo anga pa chachiwiri? Ngati yankho ndi ayi, n'zosadalirana.

Mwaponya khobidi lagwa tambala. Kodi mwadziwapo kanthu za dayisi imene mnzanu akuponya? Ayi ndithu. Khobidi ndi dayisi sizidziwana.

Tsopano taonani maere a chipereganyu. Muli anthu 10, mayina ali m'chipewa. Mwayi woti dzina lanu lituluke poyamba ndi 1/10. Likatuluka la wina, silibwereranso m'chipewamo, ndiye mwayi wanu pa maere achiwiri wakwera kufika pa 1/9. Likatuluka lanu poyamba, mwayi woti litulukenso ndi 0. Maere achiwiri akudalira oyamba. Chimodzimodzi makadi: mu paketi ya makadi 52 muli ma ace 4. Mukatola khadi, n'kulibwezera, n'kusakaniza bwino, kutola kwachiwiri kumayambira pomwe paja, 4/52. Mukapanda kubwezera, ndipo loyamba linali ace, mwayi wachiwiri ndi 3/51. N'chifukwa chake pa mayeso muziyang'ana ngati alemba with replacement (kubwezera) kapena without replacement (osabwezera).

Kudalirana kovuta kukuona ndi kwa zinthu zimene zili ndi gwero limodzi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Palibe amene angawerengere mwayi wa mvula payokha, wa matope pawokha, n'kumati n'zosiyana. M'matauni athu magetsi akazima nthawi yaitali, mipope nayonso imauma, chifukwa makina opopa madzi amayendera magetsi omwewo. Minda iwiri yoyandikana imapsa ndi ng'amba imodzi. Ana awiri okopera pa mayeso amalakwa funso limodzi. Mukachulukitsa mwayi wa zinthu zoterezi ngati kuti sizidziwana, yankho limatuluka laling'ono kwambiri kuposa zenizeni, ndipo mumayamba kuona ngati tsoka lowirikiza n'chinthu chachilendo pomwe n'lofala.

Kulakwa kumeneku kunamangitsapo munthu. Ku England, mayi wina loya dzina lake Sally Clark anataya ana awiri aamuna akadali makanda, woyamba mu 1996, wachiwiri mu 1998. Pa mlandu womuganizira kuti anapha anawo, mu 1999, dokotala wa ana Roy Meadow anauza khoti kuti m'banja ngati lakelo mwayi woti khanda lifere kutulo mwadzidzidzi ndi 1 pa 8,543, ndipo woti zichitike kawiri ndi 1 pa 73 miliyoni. Nambala imeneyi inapezeka pochulukitsa 8,543 ndi 8,543. Kuchulukitsako kunali kolondola, koma ana a mimba imodzi amatengera chibadwa chimodzi ndipo amakulira m'nyumba imodzi. Ngati pali chimene chinapha woyamba, chikhoza kukhalaponso pa wachiwiri. Bungwe la akatswiri a ziwerengero la Royal Statistical Society linatsutsa poyera nambala imeneyi mu 2001. Mayiyu anatulutsidwa m'ndende mu Januwale 2003, zitadziwikanso kuti zotsatira za kuchipatala zosonyeza kuti mwana wachiwiri anali ndi tizilombo toyambitsa matenda sizinaperekedwe pa mlandu woyamba. Anamwalira mu 2007.

Ndimafotokoza nkhani imeneyi m'kalasi iliyonse, chifukwa ana amaona ngati gawo lachitatuli ndi mwambo chabe wodutsapo pothamangira kakyuleta.

Chachinayi: ngati mukufuna zonse, chulukitsani

Mukatsimikiza kuti n'zosadalirana, lamulo lake ndi lalifupi:

mwayi wa A ndi B = mwayi wa A × mwayi wa B

Mwayi wopeza tambala pa khobidi ndi 6 pa dayisi ndi 1/2 × 1/6 = 1/12. Pa fulakishoni mumachulukitsa nambala za pamwamba pazokha, za pansi pazokha.

Musangoloweza, onani chifukwa chake. Jambulani mizere iwiri, wa nkhope ndi wa tambala, ndipo mzere uliwonse muugawe timabokosi 6 ta nambala za dayisi. Timabokosi tonse ndi 12, ndipo ka tambala ndi 6 ndi kamodzi kokha. Kapena ganizani chonchi: mwaponya zonse ziwiri ka 120. Pafupifupi ka 60 khobidi ligwa tambala. Mwa maulendo 60 amenewo, gawo limodzi mwa magawo 6 dayisi ionetsa 6, ndiye ka 10. Ndipo 10 mwa 120 ndi 1/12 yomwe ija. Kuchulukitsa mwayi ndi kudula gawo pa gawo lodulidwa kale, ngati munthu amene wapatsidwa theka la mkate kenako n'kuuzidwa kuti agawane ndi anzake asanu.

Zinthu zikakhala zitatu, zinayi, khumi, mumangopitiriza kuchulukitsa. Mwana amene sanawerenge, n'kumangolotera mayankho pa mafunso 5 osankha pakati pa A, B, C ndi D, mwayi woti akhoze onse ndi 1/4 × 1/4 × 1/4 × 1/4 × 1/4, kutanthauza 1 pa 1,024.

Chenjerani ndi maperesenti. Mukalemba 70 × 70 mupeza 4,900, nambala yopanda tanthauzo. Sinthani kaye 70 peresenti ikhale 0.7. Tikiti ya mnyamata uja tinaiwerengera chonchi, tikuyesa kuti masewerawo sakhudzana. Matimu awiri: 0.7 × 0.7 = 0.49. Mwaona? Pa timu yachiwiri yokha, mwayi watsika kale pansi pa theka. Atatu: 0.343. Anayi: 0.24. Asanu: 0.168. Pofika pa 10 watsala 0.028, tikiti zosakwana 3 mwa 100. Iye anati mwina 70 wachepetsa, tiyese 80. Tinayesa: 0.8 kuichulukitsa yokha ka 10 imapereka 0.107. Ngakhale 90 peresenti, imene ndi timu yoti siipezekapezeka, imatsika kufika pa 0.349. Pa kakyuleta ya sayansi batani lake ndi lolembedwa x ndi ka y pamwamba. Pa kakyuleta wamba ingolembani × 0.7 mobwerezabwereza, mukuwerenga ndi zala kuti musasokonezeke.

Chachisanu: ngati mukufuna ngakhale chimodzi, lowerani kuseri

Osewera ludo amaudziwa ululu wodikira 6 kuti utuluke m'nyumba. Funso nali: mukaponya dayisi ka 4, mwayi woti 6 ioneke ngakhale kamodzi ndi wotani?

Pafupifupi aliyense amayamba n'kuphatikiza, 1/6 + 1/6 + 1/6 + 1/6 = 4/6. Zikuoneka zomveka, koma tapitirizani nazo. Mukaponya ka 6 ndiye kuti 6/6, kutanthauza kuti 6 ibwera basi mosalephera. Mukaponya ka 7, mwayi waposa 1. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya ludo anzake akuzungulira bolodi akudziwa kuti zimenezo n'zabodza.

Njira yake ndi kufunsa funso lotembenuza. Chotsutsana ndi "ngakhale kamodzi" ndi "osapezeka n'kamodzi komwe", ndipo chimenechi ndi funso la zonse, lochulukitsa lija. Chitani motere. Pezani mwayi wolephera ulendo umodzi, 5/6. Uchulukitseni malinga ndi maulendo anu: 5/6 × 5/6 × 5/6 × 5/6 = 625/1296. Chotserani pa 1, mutsala ndi 671/1296, pafupifupi 0.518. Ndiye kuti mwayi wangopitirira theka pang'ono. Pa maulendo 6 mupeza 0.665, kutanthauza kuti munthu mmodzi mwa atatu amakhala adakali m'nyumba ataponya ka 6. Sanalodzedwe ayi.

Funso limeneli lili ndi mbiri yake. Ku France m'zaka za m'ma 1600 kunali munthu wokonda masewera a mwayi wodziwika ndi dzina loti Chevalier de Méré. Ankadziwa kuti kubetcha kuti 6 ioneka pa maulendo 4 kumapindulitsa. Anaganiza kuti ndi madayisi awiri, kubetcha kuti 6 ziwiri zionekera limodzi pa maulendo 24 kuyenera kukhala chimodzimodzi, popeza 24 mwa 36 ndi ofanana ndi 4 mwa 6. Yesani nokha ndi njira yathu. Mwayi wa 6 ziwiri ndi 1/6 × 1/6 = 1/36. Wolephera ndi 35/36. Kuuchulukitsa ka 24 kumapereka pafupifupi 0.509, ndipo mukachotsera pa 1 mutsala ndi 0.491. Beti yoyamba ili pamwamba pa theka, yachiwiri pansi pake. Mafunso a de Méré anafika kwa Blaise Pascal, ndipo makalata amene Pascal analemberana ndi Pierre de Fermat mu 1654 ndiwo ambiri amawatenga ngati chiyambi cha masamu a mwayi. Masamu amenewa anabadwira pa njuga, ndiye musadabwe kuti zitsanzo zake zimanunkha dayisi.

Kumunda njirayi imagwiranso ntchito. Mbewu ija yomera 80 mwa 100, mukabzala njere imodzi pa phando, mapando 20 mwa 100 aliwonse afunika kupakiza. Mukabzala ziwiri, phando limakhala lopanda kanthu pokhapokha zonse zitafa: 0.2 × 0.2 = 0.04, mapando 4 mwa 100. Zitatu: 0.008, mapando 8 mwa 1,000. Makolo athu amene ankaponya njere zitatu pa phando anali ndi nzeru yake, makamaka pa mbewu ya m'nkhokwe yosadziwika bwino kameredwe kake. Alangizi masiku ano amalimbikitsa njere imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25, chifukwa zomera zothithikana zimalimbirana chakudya; imeneyo ndi nkhani ya zokolola, ndipo imafuna mbewu yomera bwino. Koma kumbukirani gawo lachitatu lija. Njere zitatu za phando limodzi zimadalirana pa zambiri. Mbewa ikafukula imadya zonse. Mvula yobzalira ikanamiza, zonse zimawola kapena kupsa. Nambala ya 0.008 ikunena za njere zofa pazokha chifukwa cha ubwino wa mbewu, osati za mbewa.

Chachisanu ndi chimodzi: ngati pali njira zingapo zofikira yankho, jambulani mtengo

Mafunso ena amati chimodzi chokha mwa ziwiri, kapena ziwiri zokha mwa zitatu. Apa jambulani nthambi. Chinthu choyamba chili ndi nthambi ziwiri, chachitika kapena sichinachitike, ndipo pa nthambi iliyonse lembani mwayi wake. Kunsonga kwa nthambi iliyonse kuphukenso ziwiri za chinthu chachiwiri, n'kumapita choncho. Potsata nthambi kuchokera patsinde kukafika kunsonga mumachulukitsa. Nsonga zonse zimene zikuyankha funso lanu mumaziphatikiza.

Banja likuyembekezera kukhala ndi ana awiri. Titenge kuti mwayi wa mwamuna ndi wa mkazi ndi theka theka (kwenikweni ana aamuna amabadwa ochulukirapo pang'ono, pafupifupi 105 pa aakazi 100 aliwonse, koma tisiye zimenezo). Nsonga zilipo zinayi: mwamuna kenako mwamuna, mwamuna kenako mkazi, mkazi kenako mwamuna, mkazi kenako mkazi. Iliyonse ndi 1/4. Mwayi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi ndi 1/4 + 1/4 = 1/2. Amene amayankha 1/4 amakhala aiwala kuti mkazi akhoza kuyamba kubadwa.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha matenda a sickle cell, amene ali m'mabanja ambiri kuno kwathu ndi m'mayiko oyandikana nafe. Munthu amalandira jini (kanthu kotengera chibadwa) imodzi ya magazi kwa bambo, ina kwa mayi; yabwinobwino timaitcha A, ya matendawa S. Amene ali ndi A ndi S nthawi zambiri sadwala, amangonyamula. Amene walandira S kumbali zonse ziwiri ndiye amadwala. Ngati bambo ndi mayi onse ndi onyamula, mwayi woti bambo apatsire S ndi 1/2, wa mayi ndi 1/2, ndipo ziwirizi sizidalirana. Choncho mwayi woti mwana adwale ndi 1/2 × 1/2 = 1/4. Mukajambula mtengo muona kuti woti akhale wonyamula chabe ndi 1/2, ndipo woti asakhale ndi S n'komwe ndi 1/4.

Anthu akamva kuti mmodzi mwa anayi, ena amamva ngati ndi mzere wa pachigayo: woyamba akadwala ndiye kuti atatu otsatira apulumuka. Si choncho. Mimba iliyonse imayambira pa 1/4 yomweyo, siidziwa za mkulu wake. Kwa banja lotere lokhala ndi ana atatu, mwayi woti pasakhale wodwala ndi 3/4 × 3/4 × 3/4 = 27/64, pafupifupi 42 peresenti. Woti pakhale ngakhale mmodzi wodwala ndi 1 kuchotsa 27/64, kutsala 37/64, pafupifupi 58 peresenti. Woti adwale mmodzi yekha: akhoza kukhala woyamba, wachiwiri kapena wachitatu, nsonga zitatu, iliyonse 1/4 × 3/4 × 3/4 = 9/64, zonse pamodzi 27/64. Woti adwale onse atatu ndi 1/64.

Wina afunsa kuti bwanji pano tikuchulukitsa za ana a mimba imodzi pomwe pa nkhani ya Sally Clark tinakana. Kusiyana kwake n'kwakuti pano makolo ayezedwa, tikudziwa kale kuti onse ndi onyamula, ndiye kudwala kwa mwana woyamba sikutiuza chatsopano. Akanakhala osayezedwa, mwana woyamba kudwala kukanatiululira za magazi a makolowo, ndipo mwayi wa wachiwiri ukanasintha pomwepo. Kudalirana kumatengera zimene mukudziwa kale.

Chachisanu ndi chiwiri: funso la "kapena"

Ili silichedwetsa. Phatikizani mwayi wa ziwirizo, kenako chotserani mwayi woti zichitike zonse, chifukwa mwauwerenga kawiri. Tambala pa khobidi kapena 6 pa dayisi: 1/2 + 1/6 kuchotsa 1/12, ndiye 6/12 + 2/12 kuchotsa 1/12 = 7/12. Mutha kutsimikiza polowera kuseri: kusapeza tambala ndi kusapeza 6 ndi 1/2 × 5/6 = 5/12, kuchotsera pa 1 kutsala 7/12.

Pali chisokonezo chimodzi chofala. Zinthu zimene sizingachitikire limodzi, monga kupeza 2 ndi kupeza 5 pa kuponya kumodzi kwa dayisi imodzi, si zosadalirana ayi. Zimadalirana kotheratu, poti mukadziwa kuti yagwa 2 mwadziwiratu kuti si 5. Zimenezo mumangophatikiza, 1/6 + 1/6, osachotsera kanthu.

Chachisanu ndi chitatu: liyeseni yankho musanalikhulupirire

Yankho loposa 1 kapena lochepera 0 ndi lolakwa, bwererani. Yankho la "zonse" liyenera kuchepera kachidutswa kakang'ono kwambiri mwa timene munachulukitsa. Ngati mwachulukitsa 1/2 ndi 1/6 n'kupeza chinthu choposa 1/6, pena pake pavuta. Yankho la "ngakhale chimodzi" liyenera kuposa kachidutswa kakakulu kwambiri. Nsonga zonse za mtengo mukaziphatikiza zikwane 1. Ndipo musafupikitse manambala pakati pa ntchito; 0.167 m'malo mwa 1/6 mukaichulukitsa kambirimbiri imakusocheretsani. Fupikitsani pomaliza.

Dzifunseninso ngati simukuwerengera zinthu zimene zachitika kale. Mwayi woti khobidi ligwe tambala ka 5 motsatizana ndi 1/32. Koma ngati lagwa kale tambala ka 4, mwayi wa ulendo wachisanu ndi 1/2 basi. Khobidi silikumbukira, lilibe ngongole ndi munthu. Pa 18 Ogasiti 1913, mu kasino ya ku Monte Carlo, kampira ka roulette, gudumu la timabowo 37 momwe 18 ndi takuda ndipo 18 ndi tofiira, kanagwera pa mtundu wakuda ka 26 motsatizana. Masewera asanayambe, mwayi wa zimenezi unali pafupifupi 1 pa 137 miliyoni, poti ulendo uliwonse ndi 18/37. Anthu anataya ndalama zambiri pobetcha pa wofiira, aliyense akuti tsopano nthawi yake yakwana, pomwe ulendo uliwonse mwayi wa wofiira unali 18/37 womwe uja. Ndi maganizo omwewa amene amachititsa banja la ana aakazi anayi kunena kuti wachisanu ndiye akhala mwamuna.

Tibwerere ku tikiti ija, chifukwa mnyamata uja sanagonje msanga. Anati mwayi ndi wochepadi, koma ndalama yake ndi yambiri. Pamenepa ananena zoona: ma odds, nambala zimene amachulukitsa nazo ndalama yanu mukawina, nawonso amachulukitsidwa. Tinayerekeza kuti timu iliyonse ili pa 1.40. Kuchulukitsa 1.40 ka 10 kumapereka 28.9, ndiye K1,000 ikhoza kubweza pafupifupi K28,900. Koma obetchetsa amaika odds yotsikirapo kuposa mwayi weniweni, apo ndi pamene amadyera. Odds ya 1.40 ikanakhala yachilungamo timuyo ikanakhala ndi mwayi wa 1 kugawa ndi 1.40, pafupifupi 0.714. Tiyerekeze kuti mwayi wake weniweni ndi 0.68. Pa masewera amodzi, K1,000 iliyonse imabweza 0.68 × 1.40 × 1,000 = K952 mukatengera pa maulendo ambiri, kutaya K48. Pa masewera 10 kachidutswa kameneka, 0.952, nakonso kamachulukitsidwa ka 10, n'kutsika kufika pa 0.61. K1,000 iliyonse ikubweza K610. Timu iliyonse yowonjezera pa tikiti imawonjezeranso gawo la obetchetsa.

Anakhala chete, kenako anati, "Komatu aphunzitsi, mnzanga wina anawinapo ya matimu 10, ndinaona ndi maso anga."

Ndinamuuza kuti limenelo ndi funso la gawo lachisanu, aliwerengere yekha. Mwayi wa tikiti imodzi ndi 0.68 kuichulukitsa ka 10, pafupifupi 0.021. Wolephera ndi 0.979. Anati anzake obetcha angakwane 50. Anachulukitsa 0.979 ka 50 n'kupeza 0.35, anachotsera pa 1 n'kutsala ndi 0.65. Pa sabata imodzi yokha, mwayi woti mmodzi mwa anzake 50 aonetse tikiti yowina pa WhatsApp ndi pafupifupi 65 peresenti, pomwe wake iye mwini ukadali 2 peresenti. Anayang'anitsitsa pepalalo, kenako ananena yekha kuti yankholi lili ndi vuto, chifukwa anzakewo amakoperana matimu, ndiye matikiti awo si osadalirana. Akaluza amaluzira limodzi. Ndinamupatsa malikisi onse. Tikiti ija anaipinda bwinobwino n'kuibwezera m'thumba, poti ndalama anali atalipira kale ndipo masewera oyamba anali madzulo a tsiku lomwelo.